Jakisoni wa Yasmin

Amene anaganiza zogoneka ana awiriwo pa bedi limodzi ankaona ngati akuchita chifundo. Mvula inali itangoyamba, ndipo wodi ya ana pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa tauni ya Mangochi, inali yodzaza tho. Pa bedi lililonse panali ana awiri, pena atatu. Ndiye wolembetsa odwala ataona kuti Nuru Abudu ndi Yasmin Abudu ndi ana a bambo mmodzi, anati basi, apachibale agonere limodzi. Za amayi awo sanafunse. Akanafunsa, akanadziwa kuti wakhazika akazi awiri a mwamuna mmodzi pa benchi imodzi, mawondo akugundana.

Subira, amene kwawo ku Lungwena amamutchula kuti Abiti Swadick, kutanthauza mwana wamkazi wa Swadick, ndiye anali mkazi wamkulu wa Che Abudu, msodzi. Shakila anali wamng'ono. Aliyense ankakhala pamudzi pa amayi ake monga amachitira kumeneko, ndipo Che Abudu ndiwo ankapalasa njinga, sabata ino uku, sabata yamawa uko. Akazi awiriwa ankangoonana pamaliro ndi pa sadaka, n'kupatsana moni wa nsonga za zala. Mitala yotalikirana imapiririka. Umadziwa kuti mnzako alipo, koma sudziwa kuti amavala chitenje chanji, kapena amaseka bwanji mwamuna wako akayankhula.

Tsopano Subira anadziwa zonsezo. Anadziwa kuti Shakila akamaseka amabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango, kuti khungu lake silinaonepo dzuwa la kumunda, ndiponso kuti akamayankhula ndi anesi amathiramo tizingerezi ta kusukulu. Anesinso ake ankamumwetulira.

Woyamba kufika kuchipatalako anali Subira, m'mamawa, Nuru ali kumbuyo atatsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Anatumiza uthenga kudoko kuti bambo a mwana adziwe, koma dzuwa linafika paliwombo Che Abudu osaoneka. Masana anatulukira Shakila akulira, Yasmin ali m'manja akupuma mobanika, adokotala n'kunena kuti ndi chibayo. Sipanapite nthawi, Che Abudu anatulukira nawonso, thukuta lili kamukamu, malaya akununkha usipa. Subira anangolemba mumtima kuti mwana wa mkazi wamkulu akadwala munthu amamaliza kaye kuyanika ukonde, koma wa mkazi wamng'ono akangotsokomola njinga imauluka.

Anawo anabadwa mvula imodzi ndipo onse anatengera bambo awo, mphumi yotakata, makutu otuluka ngati zogwirira za mphika. Amayi a m'wodi ankafunsa ngati ndi mapasa. Shakila ankaseka. Subira ankayankha msanga kuti ayi, wangayu ndiye wamkulu, ngakhale kuti anangosiyana milungu yochepa. Pa thupi wamkulu anali Yasmin, ndipo Subira sankavutika kupeza chifukwa chake. Nsomba zonona ankadziwa kumene zimapita.

Koma chimene chinamudya koposa zonse chinali jakisoni.

Mbali yawo ya wodi ankaiyang'anira a Fletcher, nesi wamwamuna wofatsa. Nthawi ikakwana ankabwera akukankha katebulo kawo ka matayala, n'kuima kumutu kwa bedi kumene kunkagona Yasmin. Ndiye muone ulemu wake! Ankasamba m'manja kaye. Ankafunsa dzina la mwana, n'kuyang'ana m'fayilo, n'kuyang'ananso pa kabotolo ka mankhwala. Ankang'amba pepala la jakisoni watsopano mayi ake akuona, n'kukoka mankhwala pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana kowala ngati munthu wogula mafuta onunkhira. Kenako ankamuphunzitsa Shakila kagwiridwe ka mwana: am'khazike pamiyendo, dzanja limodzi la mwana lipite kumsana kwa mayi, linalo aligwire, miyendo aipane pakati pa mawondo. Akapukuta pantchafu ndi thonje, singano inkalowa n'kutuluka mwana asanamalize kukoka mpweya wolirira. Singanoyo inkagwera m'bokosi lachikasu pomwepo, ndipo patapita kanthawi a Fletcher ankabwereranso kudzaona ngati mwana sanatupe kapena kutuluka zidzolo. Ntchito yonseyo ya mwana mmodzi.

"Kwathu jakisoni amabaya pathako," anatero Subira ataona koyamba, pofuna kupezapo cholakwika.

"Munthu wamkulu, mwina, mayi," anayankha a Fletcher. "Mwana wamng'ono chonchi alibe mnofu wokwanira pathako, ndipo pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wa mwendo. Ukaulasa, mwana amatsimphina moyo wake wonse. Pantchafu apa, cham'mbali, ndiye pabwino."

Shakila anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu wokhala kutsogolo, ndipo Subira anadziluma lilime chifukwa chofunsa.

Nanga Nuru? Nuru anamupatsa kapu ya pulasitiki, supuni, ndi kapiritsi kamodzi kosungunula m'madzi. M'kapumo munali thanzi. Subira atalawa anapeza kuti ndi madzi a mchere ndi shuga, zinthu zoti ngakhale iye anali nazo m'nyumba, mu chitini cha pa alumali.

"Nanga wanga am'baya liti, a nesi?" anafunsa.

"Wanuyu safunika jakisoni, mayi. Matenda ake ndi ena. Wataya madzi ambiri m'thupi, ndiye mankhwala ake ndi amenewa. Muzim'mwetsa pang'onopang'ono, akasanza mudikire pang'ono, muyambirenso. Akumwa bwino, thokozani."

Athokoze! Mawu amenewo Subira anawamvapo kale. Mwana wake woyamba, Yunus, anapita kumanda atamwa mapiritsi okhaokha, ndipo pamaliro pake amayi ena ankanong'ona kuti akanangomubaya jakisoni akanadzuka. Kaya zinali zoona kaya ayi, Subira anazisunga. Yunus atapita, mimba ina inachedwa kubwera, ndipo m'kuchedwa m'menemo ndi mmene munalowera Shakila. Ndiye musamuone ngati wamisala. Kwa iye jakisoni ndiye anali mankhwala enieni, zinazo zongopusitsira amphawi, ndipo ankaona ndi maso ake mwana wake akum'mana pamene wa mnzake akum'patsa m'mawa ndi madzulo, pa bedi lomwelo.

Tsono nsanje ikakhala ndi chifukwa chimodzi chenicheni, imadzipezera zina khumi zabodza. Che Abudu akabwera ndi jumbo la mabanzi ndi nthochi, ankapereka kwa amene ali pafupi ndi khomo, ndipo tsoka lake nthawi zambiri anali Shakila. Akaima pa bedi, ankaima kumutu kwa Yasmin, maso ali pa chifuwa cha mwanayo. Nuru ankangomusisita pamutu n'kunena kuti, "Uyu ndiye akuchira, Alihamudulila." Tsiku lina Subira anawaona pakhonde akuyankhula ndi a Fletcher motsitsa mawu, manja ali kumbuyo. Sanamve liwu ngakhale limodzi, koma anamaliza yekha nkhani yonse. Anthuwa anapangana. Mankhwala abwino ndi ochepa, ndiye apite kwa mwana wa mkazi wokondedwa.

Chomupweteka china chinali chakuti Shakila sankamupatsa poyambira. Akanakhala wamwano, bwenzi Subira atamutukwana n'kupepukidwa. Koma mtsikanayo ankangoti "akulu, akulu" tsiku lonse. Akapita kumpopi ankachapa ndi matewera a Nuru omwe. Akaphika phala ku khitchini ya oyang'anira odwala ankabwera ndi makapu awiri. Yasmin akabanika kwambiri ankagwira dzanja la Subira n'kufunsa kuti, "Akulu, inu mwalerapo, kupuma kotereku kumatha?" Palibe chowawa ngati kukomeredwa mtima ndi munthu amene ukufunitsitsa kumuda.

M'mawa wina Nuru anasanzanso thanzi yense amene mayi ake anavutika naye kum'mwetsa. Anagona chafufumimba, wofooka, akulira ndi kamawu kakang'ono. Subira anam'yang'ana, naona nkhope ya Yunus. Mantha anamugwira. Tsiku limenelo a Fletcher anali atapita kukapuma, ndipo m'malo mwawo munabwera nesi wina wamkulu msinkhu, wa magalasi, amene anzake ankamutchula kuti Sisitala Edith. Nesiyu anali asanawaonepo ana a pa bedi limenelo.

"Akulu, mundionereko Yasmin," anatero Shakila akunyamula kampoto ndi ufa. "Ndikaphike phala msanga moto usanachuluke anthu. Katebulo kakafika munditumizire munthu."

"Pitani," anayankha Subira osam'yang'ana.

Katebuloko kanali kale pa bedi lachiwiri kuchokera pomwe anali, matayala akulira. Subira sanakhale pansi n'kukonza chiwembu, ayi. Manja ake anangoyamba okha, mutu n'kumatsatira pambuyo. Anavula kachipewa koluka pamutu pa Yasmin n'kum'veka Nuru. Anam'nyamula Nuru n'kum'kulunga m'chitenje cha Shakila. Yasmin anam'kankhira kumiyendo kwa bedi, natenga chitenje chake chomwe n'kum'funditsa thupi lonse mpaka kumutu. Mumtima ankadziuza kuti uyu wabayidwa kale kambiri, kamodzi kokha sikangamuphe. Wangayu alaweko.

Pa bedi loyandikana panali a Keti, mayi wa ku Nkope, akuyamwitsa. Anaona zonse. Anangosuntha mwana kupita ku bere lina, maso osachotsa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero Sisitala Edith akuimika katebulo. Anasamba m'manja, natsegula fayilo. "Pa bedi pano pali ana awiri. Amene mwanyamulayo dzina lake ndani?"

"Yasmin," anatero Subira.

"Yasmin ndani?"

"Yasmin Abudu."

"Inu ndinu mayi ake?"

"Ndine mayi ake aakulu. Amake apita kukaphika, andisiyira."

"Nanga uyo?"

"Uyo ndi wanga, Nuru. Wagona."

Sisitala Edith anayang'ana m'fayilo, nawerenga kulemera kwa mwana kumene analemba tsiku logonekedwa, nayang'ananso pa kabotolo. Anang'amba pepala la jakisoni watsopano. Mankhwala anayamba kukwera m'kati mwake, oyera ngati madzi a pachitsime. Subira anam'khazika Nuru pamiyendo monga anaonera kwa a Fletcher, dzanja kumsana, miyendo pakati pa mawondo. Anagwira bwino kuposa Shakila, ndipo ngakhale pa nthawi ngati imeneyo anakhala ndi mpata wonyadira zimenezo.

"Womaliza anabaya mwendo uti?" anafunsa Sisitala Edith. "Timasinthasintha, kuti mbali imodzi isatupe."

"Uwu," anatero Subira, akuloza wakumanja mongolota.

"Ndiye lero wakumanzere. Tavundukulani ndione."

Subira anavundukula. Kantchafu ka Nuru kanali kosalala, kopanda kadontho. Nesiyo anawerama, nakankhira magalasi m'mwamba. Anapempha kuona mwendo winawo. Nawonso unali wosalala. Mwana woti wakhala akubayidwa m'mawa ndi madzulo amakhala ndi timabala ngati walumidwa ndi nyerere, ndipo ukangomugwira pantchafu amayamba kulira singano asanaione. Nuru ankangoyang'ana magalasi a nesiyo mwachidwi.

Sisitala Edith anayang'ana chifuwa cha mwanayo mmene chinkakwerera ndi kutsika, mwaphee. Anatsina pang'ono khungu la pamimba n'kuona mmene likubwerera. Kenako anatembenuka, naponya jakisoni uja, ndi mankhwala ake omwe, m'bokosi lachikasu. Singano yovula saiika pansi m'wodi mmene ana akukwawa, ndipo iye ankafuna manja onse awiri. Subira anamva kugwa kwake m'bokosimo, ndipo chimene chinamubwerera choyamba sichinali manyazi. Unali mkwiyo. Anthu awa bola kutaya mankhwala kusiyana n'kupatsa mwana wanga!

Nesiyo anazungulira kumiyendo kwa bedi n'kuvundukula chitenje. Yasmin anali atanyowa thukuta, mphuno zikutukuka, pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Sanalire n'komwe, mphamvu yolirira analibe. Sisitala Edith anam'dzutsa msanga, namukhazika motsamira pilo, namasula malaya pakhosi. Anayang'ana ntchafu zake. Timabala tinali mbwee mbali zonse ziwiri.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, koma mawu ake anali olimba ngati mwala, "mwana wobanika chonchi mwamufunditsa mpaka kumutu?"

Subira anam'kumbatira Nuru pachifuwa.

"Ndiuzeni bwinobwino. Amene mwanyamulayo ndi ndani?"

"Ndi Nuru," anatero Subira, ndipo atangotero zonse zinakhuthuka. "Ndi mwana wanga, nayenso ndi munthu! Bambo wawo ndi mmodzi, bedi ndi limodzi, koma wina jakisoni, wina madzi a mchere. Mwana wanga wasanza m'mawa uno. Ndinaika kale mmodzi m'manda chifukwa cha mapiritsi anuwa. Mukufuna ndiikenso wina kuti mudziwe kuti ndinali kupempha?"

Amayi a m'wodi anasiya zimene ankachita. Sisitala Edith anakoka mpando n'kukhala pafupi, kuti asakweze mawu.

"Pepani za mwana amene munataya," anatero. "Koma mverani. Mankhwala ndinakoka aja ndinayeza pa thupi la uyu, ndipo uyu ndi wolemera kuposa wanu. Wanuyu ngwouma m'thupi. Mankhwala amenewa pa mwana wouma akhoza kuwononga impso, akhoza kum'gonthetsa makutu. Mukanamubaya nokha ndi dzanja langa. Ndiyeno ine ndikanalemba kuti Yasmin walandira, uyu n'kukhala tsiku lonse opanda mankhwala, mmene akupumiramu. Mukuona ngati jakisoni ndi mphatso? Timabaya mwana amene zake zafika poipa. Wanu timamupatsa kapu chifukwa akutha kumeza. Amayi ambiri muno akanakonda mwana wawo akanakhala wa kapu."

Subira anamva. Makutu anali nawo. Anayang'ana makutu otuluka a Nuru, naganiza mwanayo akukula osamva azana, kuitana kwa ku mzikiti, kapena mawu a mayi ake. Koma ndiname kuti nsanje inathera pomwepo? Inangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kukhala pansi.

"Amuna anu sindiwauza, si ntchito yanga," anapitiriza nesiyo akuimirira. "Koma akuluakulu anga ndiwauza, ndipo ana awa sagonanso bedi limodzi."

Anatuma mayi wina kukaitana Shakila. Podikira anadula tizidutswa tiwiri ta pulasitala, nalembapo mayina, namata pa dzanja la mwana aliyense. Shakila anabwera akuthamanga, manja ali ufa wokhawokha. Sisitala Edith anayambiranso pachiyambi ngati palibe chachitika: kusamba m'manja, kufunsa dzina kwa mayi mwini, kuyang'ana pa dzanja, m'fayilo, pa kabotolo, jakisoni wina watsopano.

"Akulu, ndigwirireniko miyendo," anatero Shakila.

"Ayi, mugwira nokha," anadula nesiyo. "Panani ndi mawondo, chonchi. Muyang'aneni kumaso, muzimuyankhula. Ndipo kuyambira lero mukamachoka muziuza ine, mwana asatsale ndi munthu wina."

Shakila anayang'ana nesi, nayang'ana Subira, osamvetsa. Singano inalowa. Yasmin analira kamodzi mofooka n'kubisa nkhope pachifuwa pa mayi ake. Subira anaonerera ali chiimire ndi kapu m'manja, monga anaonerera masiku onse aja.

Nuru anamusamutsira ku bedi la kumapeto, pafupi ndi zenera, kukagona ndi mwana wa anthu osawadziwa. Nesi anasunga pakamwa pake monga ananenera. Koma m'wodi yodzaza amayi chinsinsi sichigona. A Keti anakumana ndi Shakila kumpopi masana omwewo, ndipo pomwe ndowa inkadzaza n'kuti nkhani yonse yatha, ndi za chitenje zomwe.

Subira anakonzeka kutukwanidwa. Anakonzanso ndi zoyankha zake, zakuthwa bwino. Koma Shakila anabwera mwakachetechete, maso ali psuu, naika kapu ya phala pa bedi.

"Phala la Nuru," anatero. "Mwanayu sanandilakwire."

Anatembenuka n'kumapita. "Akulu" uja sanamvekenso.

Madzi a mchere aja anagwira ntchito yawo mopanda phokoso. Supuni, supuni, kusanza kunaleka, maso anatuluka, ndipo sipanapite masiku Nuru anayamba kulimbirana nthochi ndi mnzake wa pa bedi. Adokotala atadutsa anamutsina patsaya n'kunena kuti azipita kwawo. Kutsidya kwa wodi, Yasmin anali atamusunthira pafupi ndi tebulo la anesi, pamene amagoneka ana ofunika diso nthawi zonse. Subira pomanga katundu ankaponya maso kumeneko mwakuba. Che Abudu anali pomwepo, atakhala pa benchi, Yasmin ali pamiyendo pawo, atam'gwira mmene amaphunzitsira anesi. Mwamuna wa m'nyanja, wa manja okakala, akunong'oneza kamwana m'khutu pamene singano ikulowa. Koma Nuru, bambo akewo anali asanam'gwirepo chotero.

Che Abudu anamuperekeza Subira mpaka pageti, pansi pa mtengo wa mango pamene pamaima anyamata a kabaza. Atafika anam'masula Nuru kumsana kwa mayi ake, namukweza m'mwamba, namuyang'ana m'maso ndi m'makutu. Anavundukula tintchafu take n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Pamenepo Subira anadziwa kuti Che Abudu amva zimene anachita m'wodi muja.

"Abiti Swadick," anatero Che Abudu. Chikwatirane anali asanamutchulepo dzina la kwawo ali awiri. "Tsiku lija uthenga wanu unandipeza pakati pa nyanja. Ndinasiya anzanga ukonde uli m'madzi, ndinapempha bwato la munthu, ndinapalasa njinga ya eni. Ndinkathamangira Nuru. Za Yasmin ndinazimva nditafika pageti pompano."

Subira anatsegula pakamwa, koma mawu amene anatuluka sanali amene ankafuna.

"Nanga bwanji munkangoima kumutu kwa uyo?"

"Chifukwa uyo ndiye ankafa."

"Nanga pakhonde paja, ndi a nesi, munkanong'onezana chiyani?"

"Ndinkafunsa ngati adzuke. Ndimafuna ndifunse mayi ake akumva?"

Anyamata a kabaza anayamba kuyang'ana kumbali, makutu ali kuno. Subira anamva misozi ikubwera ndipo anaida.

"Inu simudziwa," anatero. "Yunus anandifera m'manja ine."

"Yunus anali wanganso. Manda ake ndinalowamo ndine, ndinam'goneka ndi manja awa. Koma sindinafunditsepo mwana wa munthu kumutu." Anapuma. Sanakweze mawu, ndipo Subira akanakonda akanakuwa, ngakhale kumumenya kumene. "Ine ndinkayesetsa, Walahi. Sabata yanu sindinaidumphepo. Nsomba ndinkagawa pakati. Mwina sindinkatha, koma ndinkayesetsa. Tsopano ndiuzeni, mawa Yasmin akadzabwera kudzacheza kwa m'bale wake, ndidzamusiya m'nyumba mwanu ine n'kupita kunyanja?"

Che Abudu anam'pukuta Nuru kumaso ndi chikhatho, napitiriza.

"Nuru ndi mwana wanga, sadzasowa kanthu. Koma kogona mwandisankhira nokha. Ankhoswe abwera kwa amalume anu kudzakamba za ukwati wathu Yasmin akatuluka muno. Kaya atuluka bwanji."

Anam'bwezera mwana kumsana, namangitsa okha mfundo ya chitenje pachifuwa pa mkaziyo, mosamala, osam'yang'ana kumaso. Anaika dzanja pamutu pa Nuru n'kunong'ona duwa, kumupempherera. Anaitana mnyamata wa njinga yolimba, namuuza kuti ayende pang'onopang'ono m'matope, mwanayu wangochira kumene.

Njinga inanyamuka. Nuru, amene sankadziwa kanthu, anayamba kumenya msana wa mayi ake ndi timanja n'kumaimba nyimbo yake yopanda mutu. Anali wofunda bwino, wolemera bwino, akumva chilichonse, belu la njinga, mbuzi za m'mbali mwa msewu, mawilo akuphwanya madzi. Subira anapita kuchipatala kukapempha moyo wa mwana wake ndipo anaupeza, ali nawo kumsana. Mkazi wina aliyense akanathokoza Mulungu njira yonse mpaka ku Lungwena.

Iye anacheuka. Ankafuna aone ngati mwamunayo waima pageti kuwayang'ana mpaka akhote, ngakhale pang'ono chabe. Che Abudu anali atatembenuka kale. Sankayenda, ankathamanga kubwerera ku wodi, patapata akuwomba m'matope. Ndipo Subira, mwana wochira akumuimbira kumsana, anam'chitira nsanje mkazi amene mwana wake anali pakati pa moyo ndi imfa.